Mbiri ya Malemu Edward Mukuka Nkoloso: Msilikali ndi Womenyera Ufulu Amene Anafuna Kufikitsa Zambia ku Mwezi

Pa 4 March chaka cha 1989 dziko la Zambia linataya mmodzi wa ana ake odziwika kwambiri, a Edward Festus Mukuka Nkoloso, amene anamwalira ali ndi zaka pafupifupi 70. Boma linawaika m'manda mwaulemu waukulu monga ngwazi ya ufulu. Komabe anthu ambiri, m'dziko muno ndi kunja komwe, akamva dzina lawo amayamba ndi kuseka. Chimene amakumbukira n'chakuti mu 1964 bambo ameneyu analengeza kuti Zambia idzafika ku mwezi maiko a America ndi Soviet Union asanafikeko, ndi kuti anali kukonzekeretsa anyamata ake powagubuduza m'migolo pa mtsetse.

Nkhani ya migoloyo ndi yoona, koma inatenga zaka zochepa chabe pa moyo wautali. A Nkoloso anali msilikali wa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, womasulira, mphunzitsi, phungu wa anthu akuda mu mzinda wa Ndola, mkaidi wa atsamunda, nthumwi ya mtsogoleri wa dziko, ndipo ku ukalamba wawo anakhala wophunzira wa malamulo. Amene akufuna kuweruza ngati anali wamisala, wanthabwala kapena woona patali, ayenera kuyamba wamva mbiri yonse.

Ubwana ndi nkhondo

A Nkoloso anabadwa mu 1919 kumpoto kwa dziko limene masiku amenewo linali kutchedwa Northern Rhodesia. Kwawo kunali m'boma la Luwingu, pakati pa anthu olankhula Chibemba. Anaphunzira m'sukulu za amishoni, kumene anadziwa Chingelezi ndi Chilatini. Pa nthawiyo mwana wa munthu wakuda akafika pa maphunziro otere, njira zimene zinali zotseguka kwa iye zinali zochepa: unsembe, uphunzitsi kapena ukalaliki wa m'ofesi ya boma.

Nkhondo itabuka mu 1939, Britain inatenga anyamata zikwizikwi m'maiko amene inali kulamulira. A Nkoloso analowa gulu la asilikali la Northern Rhodesia Regiment. Gulu limeneli linamenya nkhondo ku Somaliland mu 1940, linafika ku Ethiopia ndi ku Madagascar, ndipo mu 1944 linali m'nkhalango za Burma kulimbana ndi asilikali a Japan. A Nkoloso anaikidwa m'nthambi yotumiza ndi kulandira mauthenga, nakwera kufika pa udindo wa sajeni.

Ntchito imeneyi inali ya mawaya, mabatire ndi mawayilesi. Mnyamata wa kumudzi anaona ndi maso ake kuti mawu angathe kuwoloka phiri popanda wamthenga, ndi kuti makina a Azungu alibe matsenga: munthu aliyense wophunzitsidwa angathe kuwamasula ndi kuwamanganso. Anaonanso kuti pankhondo Mzungu amachita mantha, amavulala ndi kufa monga wina aliyense. Zinthu ziwirizi, chidwi cha sayansi ndi kukana kudziona wochepa, anabwera nazo kunyumba ndipo sanazisiye moyo wawo wonse.

Kubwerera kwa asilikali oiwalika

Nkhondo inatha mu 1945. Asilikali akuda anabwerera ndi mamendulo pachifuwa, koma anapeza zinthu zili momwe anazisiyira. Munthu wakuda anali kuyendabe ndi chitupa, anali kukhomabe msonkho, ndipo m'masitolo ambiri a m'tauni sanali kuloledwa kulowa pakhomo: anali kugula pa kazenera ka m'mbali. Kukhumudwa kwa asilikali akale amenewa kunathandiza kukoleza moto wa ndale m'maiko ambiri a mu Africa.

A Nkoloso anayamba agwira ntchito yomasulira m'boma, pambuyo pake anakhala mphunzitsi. Anatsegulanso sukulu yawoyawo, koma akuluakulu a boma la atsamunda anaitseka. Kwa munthu amene anali kukhulupirira kuti maphunziro ndiwo adzadzutsa anthu ake, kutsekedwa kwa sukuluyo linali bala lalikulu, ndipo kunawakankhira m'ndale.

Zaka za ku Ndola

M'zaka za m'ma 1950 a Nkoloso anali kukhala ku Ndola, kumene anali kugwira ntchito yogulitsa katundu wa kampani ina. Chigawo cha kumigodi ndicho chinali mtima wa chuma cha dziko lino. Mkuwa wa ku Nkana mu mzinda wa Kitwe, wa ku Mufulira, ku Luanshya ndi ku Chingola unali kupita kunja pa sitima za pamtunda, ndipo phindu lake lalikulu linali kuthera kunja komweko. M'makomboni monga Wusakile ndi Chamboli munali anthu ochokera mbali zonse: Abemba, Alamba, Alozi, Atonga, Angoni, Achewa, Ansenga, pamodzi ndi ena ochokera ku Nyasaland. Anthu amenewa anali atadziwa kale mtengo wa kunyanyala ntchito. Mu 1935 anthu 6 anaphedwa ku Luanshya, ndipo mu 1940 asilikali anapha anthu 17 pa sitalaka ya ku Nkana. Mu 1949 ogwira ntchito m'migodi anakhazikitsa bungwe lawo limodzi lotsogoleredwa ndi a Lawrence Katilungu.

Mu 1953 Britain inakhazikitsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ngakhale kuti anthu akuda anachikana poyera. A Nkoloso anali mbali ya chipani cha African National Congress cha a Harry Mwaanga Nkumbula. Anakhalanso membala wa Ndola Urban Advisory Council, bungwe limene ntchito yake inali yongolangiza bwanamkubwa wa boma, popanda mphamvu yopanga lamulo. Ngakhale zinali tero, iwo anagwiritsa ntchito mpandowo. Anatsutsa kukweza msonkho wa anthu akuda, napempha kuti mu mzindamo mukhale chipatala cha amayi oyembekezera ndi sukulu yapamwamba ya ntchito zamanja. Pempho lomalizali likusonyeza kuti zaka zambiri nkhani ya mwezi isanamveke, iwo anali kale ndi nkhawa yakuti mwana wa Northern Rhodesia amakumba mkuwa koma saphunzitsidwa kupanga nawo kanthu.

Chaka cha 1956 chinali chovuta kumigodi. Kuyambira pakati pa chakacho antchito ananyanyala ntchito motsatizana, mgodi uno lero, mgodi wina mawa. Mu September boma linalengeza State of Emergency, lamulo lopatsa apolisi mphamvu yomanga munthu popanda kumuzenga mlandu. Atsogoleri ambiri anatsekeredwa, ndipo atatuluka analetsedwa kukhala kumigodi. A Nkoloso nawonso anamangidwa chaka chomwecho.

Ku Luwingu ndi m'chipani cha UNIP

Mu 1957 anali kwawo ku Luwingu, ndipo kumeneko sanakhale chete. Anayendayenda m'midzi kulimbikitsa anthu kuti asamvere malamulo a atsamunda. Kunabuka chipolowe, ndipo a Nkoloso anagwidwa naikidwanso m'ndende. Iwo anadandaula kuti anamenyedwa ndi kuchititsidwa manyazi pamaso pa anthu, ndipo atsogoleri a Congress anafikitsa madandaulowo mpaka ku Britain monga umboni wa mmene Chitaganya chinali kulamulirira anthu akuda.

Mu 1958 a Kenneth David Kaunda ndi anzawo anapatuka kwa a Nkumbula nayambitsa chipani cha Zambia African National Congress, chimene boma linachiletsa mu March 1959. M'malo mwake munabadwa chipani cha United National Independence Party, UNIP, ndipo a Kaunda anakhala mtsogoleri wake mu January 1960. A Nkoloso anapatsidwa udindo woyang'anira za chitetezo m'chipanimo. Imeneyi sinali ntchito yopatsa munthu wosadalirika, makamaka mu 1961, chaka cha Cha Cha Cha, pamene anthu a kumpoto, ku Luapula ndi kumigodi anatentha zitupa, natseka misewu ndi kugwetsa milatho. Mu 1964 a Nkoloso anatengako mbali pa zokambirana za malamulo oyendetsera dziko latsopano.

Sukulu ya za m'mlengalenga

Pamene zonsezi zinali kuchitika, maiko awiri amphamvu anali pa mpikisano wina kuthambo. Pa 4 October 1957 Soviet Union inaponya Sputnik, setilaiti yoyamba. Pa 12 April 1961 Yuri Gagarin anazungulira dziko lapansi kamodzi pa ulendo wa mphindi 108. Mu June 1963 Valentina Tereshkova anakhala mkazi woyamba kupita m'mlengalenga. America nayo inalonjeza kuti idzatsitsa munthu pa mwezi zaka za m'ma 1960 zisanathe.

Mu 1960 a Nkoloso anakhazikitsa bungwe limene analitcha Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Tiyenera kuona kuti dzina lakuti Zambia analiika patsogolo zaka zinayi dzikolo lisanabadwe. Likulu la bungwelo linali pa famu ina yosiyidwa, mtunda wa makilomita 11 kuchokera mu Lusaka. Kumeneko anasonkhanitsa achinyamata 12 amene anawatcha Afronauts, kutanthauza oyenda m'mlengalenga a ku Africa. Iwo eni anali kuonekera atavala chisoti chachitsulo cha usilikali ndi chinsalu cholendewera kumsana.

Maphunziro ake anali otere. Wophunzira anali kulowa mu mgolo wa mafuta wa malita 200, anzake n'kuugubuduza pa mtsetse kuti azolowere kuzunguzika ndi kugwedezeka kwa chombo. Anali kukweranso katungwe kuti amve kupepuka kumene thupi limamva chingwe chikafika pamwamba penipeni. Ena anali kuphunzira kuyenda ndi manja. Chombo chawo anachitcha D-Kalu 1 polemekeza a Kaunda. Chinali chooneka ngati mgolo waukulu, cha mamita atatu m'litali ndi awiri m'lifupi, ndipo malinga ndi a Nkoloso chinali cha aluminiyamu ndi mkuwa, chuma chomwe chija cha ku Kitwe ndi matauni anzake.

Cholinga chawo chinali chakuti chombocho chiuluke pa 24 October 1964, tsiku la ufulu, kuchokera pa bwalo la Independence Stadium, koma okonza mwambowo anakana. A Nkoloso analembanso kuti pambuyo pa mwezi adzatumiza chombo ku Mars. M'chombomo munayenera kukwera mtsikana wa zaka 17, amphaka awiri ndi mmishonale mmodzi. Mmishonaleyo anamuchenjeza kuti akapeza anthu kumeneko asakawakakamize kulowa Chikhristu ngati eni akewo sakufuna. Kuti ntchito itheke, anapempha ndalama zokwana mapaundi 7 miliyoni ku bungwe la UNESCO.

Atolankhani akunja amene anabwera kudzaona mwambo wa ufulu anaithamangira nkhaniyi. Magazini ya Time inailemba mu October 1964, ndipo mu November chaka chomwecho a ITN a ku Britain anajambula kanema woonetsa migolo ikugubuduzika. Kanemayo alipo mpaka lero pa intaneti. Ambiri mwa atolankhaniwo analemba monyoza, ndipo kwa owerenga ena a ku Ulaya ndi ku America nkhaniyi inakhala umboni wa maganizo amene anali nawo kale, akuti anthu akuda sanakonzeke kudzilamulira.

Chifukwa chake chombo sichinauluke

Ndalama za UNESCO sizinabwere. Boma la Zambia linanena poyera kuti mapemphowo sanali a boma. Ophunzira anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ndipo mtsikana uja makolo ake anamutenga kubwerera naye kumudzi. A Nkoloso anadandaula za kusowa kwa ndalama, za kusasamala kwa anyamata awo, ndi za akazitape akunja amene anawaganizira kuti akufuna kuba nzeru zawo. Pa 20 July 1969 Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anaponda pa mwezi, ndipo mpikisano unathera pomwepo.

Kunena zoona, ngakhale ndalamazo zikanabwera, D-Kalu 1 sikanafika kulikonse. Kuti chombo chizungulire dziko osagwa, chiyenera kuthamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola limodzi, ndipo mwezi uli pa mtunda wa makilomita 384,000. Roketi ya Saturn V imene inanyamula Armstrong ndi anzake inali yotalika mamita 110, yolemera matani pafupifupi 3,000, ndipo anthu amene anagwira ntchito ya Apollo anali ngati 400,000. Pa tsiku la ufulu, Zambia inali ndi anthu pafupifupi 3.5 miliyoni, ndipo amene anali ndi digiri ya ku yunivesite anali ngati 100 okha. Dzikoli linalibe ndi yunivesite yomwe, pakuti University of Zambia inatsegulidwa mu 1966. Umu ndi mmene atsamunda anasiyira dziko limene analikumba mkuwa kwa zaka zoposa 30.

Komabe mafunso amene a Nkoloso anali kuyesa kuyankha ndi migolo ndi katungwe anali mafunso enieni. Maiko olemera nawonso amazunguza anthu awo m'makina othamanga kwambiri kuti matupi azolowere. Amawakwezanso m'ndege imene imakwera ndi kutsika mwadzidzidzi, kotero kuti kwa masekondi oposa 20 munthu amayandama m'kati mwake. Katungwe amapereka kupepuka kotereku kwa kamphindi kochepa kwambiri. A Nkoloso anali kudziwa vuto lake, koma analibe zida ndi akatswiri.

Misala, nthabwala kapena chinsinsi?

Anthu akhala akusiyana maganizo pa zimene bamboyu anali kufuna. Ena amati anasokonezeka mutu, mwina chifukwa cha nkhondo ndi mazunzo a m'ndende. Koma n'kovuta kukhulupirira kuti boma likanapatsa munthu wamisala maudindo amene iwo anapatsidwa pambuyo pake.

Ena amati zonsezo zinali nthabwala zakuya zolasa atsamunda. Munthu wophunzira kwa amishoni, amene anaona anthu ake akutchedwa osatsungula ndi kulandidwa dziko, akulengeza kuti naye apita kukapeza anthu osatsungula ku Mars, atatenga mmishonale, koma iye sadzawakakamiza chipembedzo. Womva Chinyanja kapena Chibemba amadziwa kalankhulidwe kotere, kamene munthu amanena za kutali pamene akudzudzula amene wakhala naye pamphasa. Wolemba mabuku wa ku Zambia, Namwali Serpell, anafufuza nkhaniyi naifotokoza m'magazini ya The New Yorker mu 2017, ndipo anafunsa ngati atolankhani amene anali kuseka aja sanali iwo amene anali kusekedwa. A Kaunda, atafunsidwa ku ukalamba wawo, anayankha kuti ntchitoyo sinali sayansi yeniyeni, inali yosangalatsa anthu.

Palinso ena amene amaganiza kuti famu ija inali chophimba cha maphunziro a omenyera ufulu, popeza mwini wake anali mkulu wa za chitetezo m'chipani. A Nkoloso eni sanasiye kulankhula za ntchitoyo monga chinthu chenicheni. N'kutheka kuti munthu mmodzi anali kuchita zonse pamodzi: kulota moona mtima, kuseka adani ake, ndi kuphunzitsa achinyamata kuti asaope chilichonse chimene Mzungu angachite.

Funso la njala ndi nyenyezi

M'Zambia momwemo munachokeranso funso lina lotsutsana ndi maloto a a Nkoloso. Mu 1970 sisitere wina wogwira ntchito m'dziko muno, Mary Jucunda, analembera kalata Dr Ernst Stuhlinger wa bungwe la NASA. Anafunsa chifukwa chake ndalama zankhaninkhani zikuthera pa maulendo a ku Mars pamene ana ambiri akufa ndi njala. Dr Stuhlinger anayankha pa 6 May 1970, nafotokoza kuti masetilaiti angathandize kudziwa za nyengo, mvula, nthaka ndi mbewu, ndipo motero angathandize kuthetsa njalayo. Funso la sisitereyu likadali lamphamvu lero, ndipo yankho lake linaoneka pang'onopang'ono. Mu 1974 Zambia inatsegula siteshoni ya Mwembeshi yolumikiza mafoni ndi mauthenga ndi maiko akunja kudzera pa setilaiti. Masiku ano ulosi wa mvula umene mlimi wa ku Chipata kapena ku Mpongwe amamva pa wayilesi umadalira kwambiri zithunzi zochokera kuthambo.

Zaka zotsiriza

A Nkoloso anafunanso kukhala meya wa Lusaka, akulonjeza kutukula mzindawo ndi sayansi, koma sizinatheke. A Kaunda anawasankha kukhala nthumwi yawo ku Liberation Centre mu Lusaka. Kumeneku n'kumene kunali maofesi a zipani zomenyera ufulu wa maiko oyandikana nafe, monga ANC ya ku South Africa, ZAPU ndi ZANU za ku Zimbabwe, FRELIMO ya ku Mozambique, MPLA ya ku Angola ndi SWAPO ya ku Namibia. Ntchito yawo inali kukhala mkhalapakati wa zipanizo ndi boma la Zambia, pa nthawi imene dziko lino linali kuopsezedwa ndi maboma a Azungu a kum'mwera chifukwa chosunga anthu amenewa.

Anali munthu wa maganizo akeake mpaka mapeto. Nthawi ina anapempha boma kuti livomereze asing'anga kugwira ntchito pambali pa madokotala, koma pempholo silinamveke. Ku ukalamba anabwerera m'kalasi, ndipo mu 1983, ali ndi zaka 64, analandira digiri ya malamulo pa University of Zambia. Sanaiwale asilikali anzawo akale: anakhala pulezidenti wa bungwe lawo la Ndola Ex-Servicemen's Association, mu mzinda womwe uja umene anayambira kulankhulira anthu. Anapatsidwa udindo waulemu wa Colonel, ndipo dziko la Soviet Union, limene kale anafuna kulipambana pa ulendo wa ku mwezi, linawapatsa mendulo yokumbukira kuti patha zaka 40 chithere nkhondo yachiwiri.

Nyumba zozungulira dziko

A Nkoloso anakhala ndi moyo kufikira ataona anthu akumanga nyumba kuthambo. Mu April 1971 Soviet Union inaponya Salyut 1, siteshoni yoyamba ya m'mlengalenga. America inatsatira ndi Skylab mu 1973. Mu September 1980 Arnaldo Tamayo Méndez wa ku Cuba anafika pa Salyut 6, nakhala munthu woyamba wa magazi a ku Africa kupita m'mlengalenga. Mu August 1983, chaka chimene a Nkoloso analandira digiri yawo, Guion Bluford anakhala munthu wakuda woyamba wa ku America kuuluka ulendo wotere. Pamene a Nkoloso anali kumwalira, siteshoni ya Mir, imene inaponyedwa mu 1986, inali kuzungulira dziko, ndipo inagwetsedwa mu March 2001.

Gawo loyamba la International Space Station linakwera mu November 1998, ndipo anthu anayamba kukhalamo pa 2 November 2000. Siteshoniyi imayenda pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, ndipo imazungulira dziko ka 16 pa tsiku, ulendo uliwonse mphindi ngati 90. Anthu a m'katimo amayandama chifukwa iwo pamodzi ndi nyumba yawo amakhala akugwa nthawi zonse, koma liwiro lawo n'lalikulu kotero kuti amagwa mozungulira dziko osaligunda. Masiku ena, dzuwa litangolowa kapena m'bandakucha, munthu wa ku Kitwe kapena ku Ndola angathe kuiona ikudutsa ngati nyenyezi yowala yosaphethira, n'kuzimirira patapita mphindi zochepa.

Mu April 2002 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anafika pa siteshoniyo. Masetilaiti ang'onoang'ono a maiko a mu Africa aponyedwanso kuchokera pomwepo: la Ghana mu 2017, la Kenya mu 2018, ndipo a Zimbabwe ndi Uganda mu December 2022. Mu 2025 bungwe la African Space Agency linatsegulidwa ku Cairo. Zimene zinali zoseketsa mu 1964 tsopano zili m'mapulani a maboma.

Mabuku a ana ndi a akulu

Dzina la a Nkoloso linadzukanso chifukwa cha mabuku ndi makanema. Mu 2012 wojambula zithunzi wa ku Spain, Cristina de Middel, anatulutsa buku la zithunzi lotchedwa The Afronauts. Zithunzizo n'zopeka, zojambulidwa ndi anthu ochita sewero, choncho woliwerenga asaliyese mbiri yeniyeni. Mu 2014 Frances Bodomo wa ku Ghana anaonetsa kanema wamfupi wotchedwa Afronauts. Mu 2019 Namwali Serpell anatulutsa The Old Drift, nthano yaitali ya mabanja atatu a m'Zambia, ndipo a Nkoloso ndi sukulu yawo alimo. Bukuli ndi la akuluakulu, ndipo mu 2020 linapambana mphoto ya Arthur C. Clarke Award.

Kholo kapena mphunzitsi amene mwana wake wachita chidwi ndi nyenyezi yoyenda ija angayambe ndi The Darkest Dark, buku la zithunzi la 2016 lolembedwa ndi Chris Hadfield wa ku Canada, amene anatsogolera International Space Station mu 2013. Limanena za kamnyamata koopa mdima kamene kakufuna kudzapita kuthambo. Ana a ku sekondale angawerenge Islands in the Sky, nthano imene Arthur C. Clarke analemba mu 1952 yonena za mnyamata wopita ku siteshoni ya m'mlengalenga, zaka 19 siteshoni yeniyeni isanamangidwe. Akuluakulu angapeze Orbital ya Samantha Harvey, imene inatuluka mu 2023 ndi kupambana mphoto ya Booker mu 2024. Imafotokoza tsiku limodzi la anthu 6 okhala m'siteshoni, akuyang'ana dziko limene analisiya pansi. Mabuku onsewa ali m'Chingelezi, ndipo pamenepa pali ntchito yodikira olemba athu a Chinyanja ndi Chibemba.

Sukulu yapamwamba imene a Nkoloso anali kuipempha ali ku Ndola siinalinso loto. Mu mzindawo muli Northern Technical College, ndipo ku Kitwe kuli Copperbelt University, imene inakhazikitsidwa mu 1987, iwo akali ndi moyo. Chaka ndi chaka m'sukuluzi mumatuluka mainjiniya ndi akatswiri a zitsulo ndi magetsi, ambiri a iwo zidzukulu za anthu amene anali kukumba mkuwa ku Nkana ndi kugula nyama pa kazenera. A Edward Mukuka Nkoloso sanafike ku mwezi, ndipo chombo chawo sichinachoke pansi. Pokumbukira migolo ija, ndi bwino kukumbukiranso nkhondo, ndende ziwiri, sukulu imene inatsekedwa, ndi digiri imene anailandira ali ndi imvi.